KODI MWALA WA PANSI PA NKOLOKOSA ULI NDI ZAKA ZINGATI?

Sabata ino tisiye kaye mbiri ya mafumu, amishoni ndi andale, titsike pansi pang'ono, tikambe za thanthwe limene onsewo ankapondapo.

Amene mumaidziwa Blantyre mukudziwa kuti munthu ukaima ku Nkolokosa, phiri la Soche limakhala ngati lakusuzumira pakhomo. Ukatembenuka uona Ndirande, kwinaku Michiru, ndipo cha ku Limbe kuli Bangwe ndi Mpingwe. Mzinda wonsewu unakhala pamwala. Wokumba dzenje la chimbudzi ku Zingwangwa kapena ku Chilobwe amadziwa zimenezi, poti asanafike patali piki imayamba kulira ngwee, n'kumathetheka moto. Amayi ndi abambo oswa kwale m'mbali mwa msewu amaudziwa mwalawu kuposa tonsefe, chifukwa amaswera nawo tsiku lonse n'kuugulitsa pa wilibala. Koma pali funso limene sitifunsa kawirikawiri: kodi mwala umenewu unabadwa liti? Nanga munthu angadziwe bwanji, poti mwala ulibe chiphaso chobadwira ngakhale khadi la kusikelo?

Yankho lilipo. Linatenga zaka pafupifupi 100 kuti lipezeke, ndipo njira yake inadutsa kwa anansi athu ku Mozambique ndi ku Zomba komwe.

THANTHWE LINALI LOFEWA

Makolo athu sankauona mwala ngati chinthu chimene chinangokhala choncho chikhalire. Nkhani ya Achewa ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati anthu oyamba atatsika pamodzi ndi nyama, thanthwe linali lofewa, mapazi awo n'kudinda pomwepo, kenaka thanthwelo linauma. Pa mfundo imodzi akatswiri a za miyala amagwirizana nawo makolowa: thanthwe linalidi lofewa. Mwala wa granite, umene wadzaza m'mapiri ambiri a dziko lino, unayamba uli chiphalaphala chotentha pansi penipeni pa nthaka. Unazizira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake ukauswa umaona timibulu toyera, totuwa ndi takuda tolumikizana ngati chimanga chosakaniza ndi nyemba. Mapiri a Soche ndi Ndirande ndi a mwala wotchedwa syenite, m'bale wake wa granite, kungoti uli ndi nsangalabwi yochepa. Pansi pa mzinda pali gneiss, mwala wamizeremizere, umene unaphikidwa kachiwiri n'kufinyidwa mpaka timibulu take tinandanda.

Pamene pali kusiyana ndi pa funso lakuti liti. Ku Ulaya nakonso funsoli linawazunguza mitu. Mu 1650, Bishopu James Ussher wa ku Ireland anawerengetsera mibadwo ya m'Baibulo n'kunena kuti dziko linalengedwa m'chaka cha 4004 Khristu asanabadwe. Akatswiri a miyala a m'zaka za m'ma 1800 ankatha kunena mwala wamkulu ndi wamng'ono poona kasanjidwe kake. Mmisiri aliyense amadziwa kuti mzere wa njerwa wapansi ndiwo unayamba kuikidwa, ndipo mng'alu wodula khoma umabwera khomalo litamangidwa kale. Miyalanso ndi chimodzimodzi. Koma kudziwa kuti uyu ndi mkulu wake wa uyu si kudziwa zaka zawo. Lord Kelvin, katswiri wotchuka wa ku Britain, anayesa kuwerengera nthawi imene dziko likanatenga kuti lizizire, monga mmene ungaganizire nthawi imene mbatata yachoka pamoto poikhudza. Pofika 1897 ankati dziko lili ndi zaka pakati pa 20 miliyoni ndi 40 miliyoni.

Zinthu zinasintha mu 1896, pamene Henri Becquerel wa ku France anapeza kuti uranium imatulutsa mphamvu yosaoneka payokha, popanda woiyatsa. Mu 1907, Bertram Boltwood wa ku America anaonetsa kuti uranium ikamatulutsa mphamvuyo imasintha pang'onopang'ono, mapeto ake n'kusanduka mtovu. Apa ndiye panapezeka wotchi.

MNYAMATA AMENE ANATSALA PANG'ONO KUFERA KU MOZAMBIQUE

Amene anaigwira wotchiyi mwamphamvu anali Arthur Holmes, mnyamata wa ku England wobadwa mu 1890. Mu 1911, ali ndi zaka 21 zokha, anayeza uranium ndi mtovu mu mwala wina wa ku Norway n'kupeza kuti unali ndi zaka 370 miliyoni. Koma sukulu siidya, ndipo ndalama zinali zitamuthera. Chaka chomwecho analowa ganyu pa kampani ya Memba Minerals yokafufuza miyala yamtengo wapatali kumpoto kwa Mozambique. Anayenda m'tchire miyezi isanu ndi umodzi osapeza chuma chilichonse, m'malo mwake anapeza malungo oopsa, mpaka kwawo kunapita uthenga woti wamwalira. Anachira, nabwerera ku London, ndipo mu 1913 anatulutsa buku la The Age of the Earth, mmene ananena kuti miyala ina ili ndi zaka 1,600 miliyoni. Akuluakulu ambiri anangoti mwanayu wapenga.

Mozambique sanaiiwale. Pa msonkhano wa akatswiri a miyala ku London mu 1948, m'nkhani imene inasindikizidwa mu 1951, Holmes anafotokoza za mkuzi wa miyala yophikidwa ndi yofinyidwa umene ukuyenda kuchokera ku Mozambique, kudutsa kwathu kuno, Tanzania ndi Kenya, kulowera ku Ethiopia. Anautcha Mozambique Belt, ndipo dzinali lilipobe. Nkolokosa, Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri zonse zakhala pa mkuzi umenewu.

KODI WOTCHIYO IMAYENDA BWANJI?

Tiyerekeze ndi mbuliwuli. Mwaika chimanga mumphika, mwavundikira, chili pamoto. Simungadziwe kuti njere iti iphulika liti, koma ngati mukudziwa kuti pa mphindi iliyonse theka la njere zotsala limaphulika, ndiye kuti mukavundukula n'kuwerenga zophulika ndi zosaphulika, mudziwa nthawi imene mphikawo wakhala pamoto. Uranium ndi njere zosaphulika, mtovu ndi mbuliwuli. Kusiyana kwake n'kwakuti uranium siisowa moto, ndipo kutentha kapena kuzizira sikusintha liwiro lake. Mtundu wotchedwa uranium-238 umatenga zaka 4,470 miliyoni kuti theka lake lisanduke mtovu. Wina, uranium-235, umatenga zaka 704 miliyoni.

Koma mphika uyenera kukhala wovundikira bwino, ndiponso usakhale ndi mbuliwuli zakale poyamba. Mphika wotere ulipo, dzina lake zircon. Ndi kamwala kakang'ono zedi, nthawi zambiri kosaposa kanjere ka mchenga wosalala, kamene kamamera m'chiphalaphala granite akamauma. Kali ndi khalidwe lodabwitsa: pobadwa kamalola uranium kulowa m'thupi mwake, koma mtovu kamaukana. Choncho mtovu umene mungaupeze m'kati mwake lero unabadwira momwemo. Ndi kolimbanso kwambiri. Mvula, dzuwa, mtsinje, ngakhale kuphikidwanso pansi pa nthaka, kamapirira. Kakale kuposa tonse kanapezeka ku Jack Hills, ku Australia, ndipo kali ndi zaka 4,400 miliyoni, pamene dziko lenilenilo, malinga ndi muyeso wa Clair Patterson wa mu 1956, lili ndi zaka 4,550 miliyoni.

Ubwino wina ndi wakuti m'kanjere kamodzi muli mawotchi awiri, poti mitundu iwiri ya uranium ija imabala mitundu iwiri ya mtovu, uliwonse paliwiro lake. Zili ngati mboni ziwiri pabwalo la mfumu. Zikanena chaka chimodzi, mlandu watha. Zikasiyana, ndiye kuti chivundikiro chinatsegukapo nthawi ina, ndipo kasiyanidwe kakeko kamathandiza kuloza nthawi imene chinatseguka.

Ntchito yake ndi yofuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Katswiri amaswa mwala wolemera makilogalamu angapo, kuupera, kuusefa, kuutsuka, mpaka atsale ndi tinjere tochepa timene amatola pagalasi lokuza zinthu. Amatimata, kutipala mpaka pakati, n'kutijambula. Apa m'pamene pamaoneka kuti tinjere tambiri tili ndi zigawo ngati anyezi: mtima wakale m'kati, chikhungwa chatsopano kunja. Makina amakono amatha kuboola kadontho kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, kuyeza mtima paokha ndi chikhungwa pachokha. Kanjere kamodzi kangathe kunena tsiku lobadwa ndi tsiku limene mwalawo unaona mavuto.

OYAMBA KULEMBA MIYALA YA NYASALAND

Kwathu kuno ntchitoyi inayamba ndi miyendo. A. R. Andrew ndi T. E. G. Bailey anayendera dziko lino pofufuza miyala, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1910. Mu 1921 kunabwera Frank Dixey, amene anatsogolera nthambi ya boma yoona za miyala mpaka 1939. Dixey ndiye anatola mafupa a chinyama chakale ku Karonga, chimene lero chimatchedwa Malawisaurus dixeyi. Dzina la Malawisaurus linaperekedwa mu 1993 ndi gulu la akatswiri limene munali Mmalawi, mayi Elizabeth Gomani. Mu 1937, Dixey ndi anzake W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset analemba za miyala yachilendo ya pachilumba cha Chilwa ndi mapiri ozungulira, n'kuonetsa kuti ndi yaing'ono poyerekeza ndi thanthwe limene inaboola. Pambuyo pake nthambi ya Geological Survey ku Zomba inajambula mapu a dziko lonse chigawo ndi chigawo. Lipoti la R. K. Evans la dera la Shire Highlands, mmene muli Blantyre, linatuluka mu 1965, ndipo la Keith Bloomfield lofotokoza miyala yakale ya dziko lonse linatuluka mu 1968.

Nthawi imeneyo mawotchi amene ankagwiritsidwa ntchito kwambiri anali a potassium ndi rubidium, osati a zircon. Ndiye kunachitika chinthu chozunguza. Miyala yochokera m'madera ambiri a Africa, kwathu kuno, ku Nigeria, ku Namibia, inkangopereka yankho lofanana: zaka pafupifupi 500 miliyoni. Mu 1964, chaka chimene tinalandira ufulu, patangopita chaka chimodzi bungwe la OAU litabadwa ku Addis Ababa, W. Q. Kennedy wa pa yunivesite ya Leeds anatcha chochitika chimenechi kuti Pan-African. Andale ankalalikira umodzi wa Africa, miyala nayo inkanena kuti inaphikidwa mumphika umodzi.

Vuto linali lakuti mawotchi amenewa mwala ukatentha kwambiri amafufutika n'kuyambiranso pa ziro. Ankanena nthawi imene mwala unazizira komaliza, osati nthawi imene unabadwa. Zili ngati kufunsa gogo zaka zake iye n'kukuuzani chaka chimene anatuluka m'chipatala. Panafunika zircon kuti chinsinsi chiululike.

ZIMENE ZIRCON ANAULULA

Mu 2001, Alfred Kröner wa ku Mainz, ku Germany, ndi anzake anafalitsa zotsatira za tinjere ta zircon tochokera m'miyala ya m'chigawo cha kummwera. Anapeza kuti miyala yambiri ya mtundu wa granite inabadwa pakati pa zaka 1,040 miliyoni ndi 929 miliyoni zapitazo. Gulu lina linabadwa pakati pa zaka 710 miliyoni ndi 555 miliyoni. Kenaka yonse inaphikidwa koopsa pakati pa zaka 571 miliyoni ndi 549 miliyoni zapitazo, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900. Mu 2019, Mmalawi mnzathu Blackwell Manda ndi anzake anafalitsa kafukufuku wina wa miyala ya granite ya kummwera komweku, ndipo chithunzi chinatuluka chofanana: gulu la zaka za m'ma 1,000 miliyoni, gulu la nthawi ya Pan-African, ndi gulu laling'ono la mapiri a dera la Chilwa.

Manambala otere mutu sugwira, ndiye tiyeze ndi msewu. Tinene kuti chaka chimodzi ndi milimita imodzi. Kuchokera pa ufulu wa 1964 kufika lero ndi masentimita asanu ndi limodzi, kachala kamodzi. Kuchokera pamene amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Blantyre mu 1876 ndi masentimita 15, kutalika kwa cholembera. Ufumu wa Maravi uli pa theka la mita. Koma kuti mufike pa tsiku limene thanthwe la kummwera linaphikidwa, muyenda makilomita 550, kuchoka ku Nkolokosa, kudutsa Lilongwe ndi Kasungu, mpaka cha ku Jenda. Kuti mufike pa kubadwa kwake muyenda makilomita 1,000, pafupifupi ulendo wonse wochoka ku Nsanje kukafika ku Karonga. Ndipo granite wa ku Nyika, amene ali ndi zaka zoposa 1,900 miliyoni, angakuuzeni kuti mubwererenso ku Nsanje.

Tsono zakazi zikutiuza mbiri yanji? Chikhungwa cha dziko lapansi si chimodzi. Chili ngati mapale akuluakulu oyandama pa phala lotentha limene limatembenuka pang'onopang'ono, ndipo Holmes yemwe uja anali m'gulu la oyamba kunena, cha m'ma 1930, kuti kutembenuka kumeneku ndiko kumayendetsa makontinenti. Mapalewa amayenda masentimita ochepa pachaka, ngati mmene chikhadabo chimakulira. Pena amatayana, pena amagundana, pena lina limamira pansi pa linzake.

Miyala yathu ya zaka 1,000 miliyoni ili ndi zosakaniza zofanana ndi za miyala imene ikubadwa lero pansi pa mapiri ophulika a Andes ndi a ku Japan, kumene pansi pa nyanja pakumira kunsi kwa mtunda. Ndiye kuti dera lino, lopanda doko lero, linali m'mphepete mwa nyanja yaikulu, pansi pa mapiri olavula moto. Panalibe mtengo, panalibe udzu, panalibe nsomba. Imeneyo ndi nthawi imene makontinenti ankasonkhana kupanga chimtunda chimodzi chotchedwa Rodinia.

Rodinia inasweka, ndipo patapita zaka mamiliyoni mazanamazana zidutswa zake zinakumananso mwa mtundu wina. Nyanja imene inali pakati inatsekeka, mitunda inagundana, ndipo panabadwa Gondwana: Africa, South America, India, Madagascar, Antarctica ndi Australia zili pamodzi. Msoko wina waukulu wa chimtunda chimenechi ndi Mozambique Belt ija. Pamsokopo panatukumuka mapiri amene akatswiri amawayerekeza ndi Himalaya. Kafinyidwe kamene Kröner ndi anzake anayeza kakusonyeza kuti miyala imene ili pamtunda lero kummwera kuno inali pansi makilomita oposa 30. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002. Sanjikizani a Sapitwa khumi, ndiwo katundu amene thanthweli linasenza. Mvula ndi mitsinje zinasenda katundu yenseyo pang'onopang'ono, nthaka n'kumakwera, mpaka mizu ya mapiriwo inaonekera. Tikukhala pa mizu ya mapiri amene anatha. Soche ndi Ndirande aima lero chifukwa mwala wawo ndi wouma mutu kuposa wozungulira, sunathe msanga. Ndipo achibale a miyala ya mkuzi umenewu amapezeka ku Madagascar, ku Sri Lanka ndi ku Dronning Maud Land, ku Antarctica, pansi pa madzi oundana.

Zotsatira tingazidutse mofulumira. Zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, m'zigwa munamera nkhalango zimene zinasanduka malasha a ku Mchenga, ku Rumphi, ndi a ku Moatize, ku Tete. Cha m'ma 180 miliyoni Gondwana inayamba kusweka. Pakati pa zaka pafupifupi 135 miliyoni ndi 110 miliyoni zapitazo, chiphalaphala chatsopano chinakwera n'kuuma m'kati mwa thanthwe lakale, ndipo ndicho Mulanje, Zomba, Malosa, Michesi ndi chilumba cha Chilwa. Eee, mwamva bwino: Mulanje ndi kutalika kwake konse ndi mwana wa dzulodzulo pamaso pa thanthwe la ku Blantyre. Pa msewu wathu uja Mulanje ali cha ku Balaka basi. Chomaliza ndi chigwa chachikulu chimene muli Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, chimene chikung'ambikabe mpaka lero.

NANGA IFE ZIKUTIKHUDZA PATI?

Wina atha kunena kuti zonsezi ndi nkhani za anthu okhuta. Koma taonani zinthu zitatu.

Choyamba ndi chuma. Kudziwa msinkhu wa mwala n'kudziwa chimene mungapezemo. Simungafune malasha mu gneiss wa ku Machinjiri, poti pamene ankabadwa padziko panalibe mtengo ngakhale umodzi. Miyala yosowa imene mayiko akulimbirana lero popanga maginito a galimoto zamagetsi ili ku Kangankunde, ku Balaka, ndi ku Songwe, ku Phalombe, ndipo malo awiriwa ndi a banja la Chilwa lija limene Dixey analemba mu 1937. Rutile ndi graphite za ku Kasiya, ku Lilongwe, zinachokera m'miyala yakale imene inaphikidwa kenaka n'kufumbutuka. Uranium ya ku Kayelekera, kumene mgodi unatsegulidwa mu 2009, ili m'miyala ya mchenga ya m'badwo wa malasha. Ambiri mukukumbukira ndege ya Kauniuni imene inkauluka chapansipansi m'dziko lonse, zotsatira zake n'kutulutsidwa mu 2015. Ndege imaona mizere ndi mabala a pansi pa nthaka, koma kuti mizereyo imveke pamafunika wina atsike ndi hamala, atole mwala, ndipo wina auyeze zaka. Zaka zimene tatchula m'nkhani ino zinayezedwa m'makina a mayiko akunja. Wodziwa msinkhu ndi mtundu wa mwala wako amadziwanso mtengo wake iwe usanadziwe, ndipo pokambirana za mgodi ndiye amakhala pampando wabwino.

Chachiwiri ndi zivomezi. Nsalu imang'ambikira pamsoko. Chigwa cha Nyanja ndi Shire chikamang'ambika, ming'alu yambiri ikutsata mizere yakale ya gneiss imene inalembedwa nthawi ya Gondwana. Akatswiri aona zimenezi pa mng'alu wa Thyolo, umene unapanga chitunda chimene timatsika popita ku Chikwawa, ndiponso pa mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100. Chivomezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 ndi zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinapha anthu ndi kugwetsa nyumba zambirimbiri. Palibe angatchule tsiku la chivomezi, koma mapu a misoko yakale amasonyeza malo ofunika kumanga mosamala.

Chachitatu ndi chimene anthu a ku Nkolokosa ndi oyandikana nawo safuna kukumbutsidwa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osakata, mbali ya phiri la Soche inatsetsereka, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba n'kusesa makomo ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Agogo athu akanati Napolo wadutsa, monga ananenera ku Zomba mu Disembala 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo okonda ndakatulo mukudziwa kuti malemu Steve Chimombo anamupatsa Napolo malo aakulu m'zolemba zake. Mbiri ya mwala ikufotokoza njira imene Napolo amadzera. Thanthwe limene linaumbidwa pansi pa katundu wa makilomita 30 likafika pamtunda limamasuka n'kuchita ming'alu, ina yosendeka ngati anyezi. Madzi amalowa m'ming'alumo kwa zaka zikwizikwi, kufumbutula m'mbali, n'kusiya miyala yobulungira itakhala m'dothi losaya, pamwamba pa thanthwe loterera. Mizu ya mitengo ndiyo inkagwira dothilo. Mitengo itatha ndi nkhuni ndi makala, nyumba n'kukwera phiri chifukwa chosowa malo m'tauni, panangotsala mvula yoti idzaze dothi. Ndipo matope anatsata makwawa akale, paja madzi saiwala khwawa. Miyala ikuluikulu imene imapezeka ili mbwee m'munsi mwa mapiri athu, ina anthu anamangapo nyumba pambali pake, sinamere pamenepo. Inatsika, ndipo njira imene inadzera ikadalipo.

Zaka za zircon pazokha sizingaletse phiri kugumuka. Koma ndi mbali ya ntchito imodzi yomweyo: kudziwa kuti pansi pathu pali mwala wanji, unang'ambika cholowera kuti, dothi lake n'lakuya bwanji, khwawa lakale lili pati. Popanda chidziwitso chimenechi khonsolo imagawa mapuloti mwachimbulimbuli, wokumba mjigo amaboola pouma, ndipo boma limasaina mapangano a migodi litatsinzina diso limodzi.

Ana athu kusukulu amaloweza mayina a mitsinje ya ku Ulaya ndi zaka za nkhondo za kutali, koma ndi angati a ku Nkolokosa amene anauzidwapo kuti phiri limene amaliona pawindo la kalasi ndi muzu wa mapiri a Gondwana, kapena kuti miyala ya mtundu womwewo ili ku Antarctica? Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo mbiri, yotsegulidwa mu 2004, mmene mwana amaona Malawisaurus ndi maso ake. Ku Blantyre phunziro lili panja penipeni, laulere, pamalo alionse pamene msewu unadula chitunda. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi hamala ndi botolo la madzi otsukira mwala angathe kuonetsa ana mizere ya gneiss ndi mitsempha yoyera imene inaidula, n'kuwafunsa kuti chinayamba n'chiti. Mwa ana amenewo ndimo mungatuluke oyeza miyala yathu m'dziko mwathu momwe muno.

Ndipo ife olemba tili ndi gawo lathu. Mawu a Chichewa a zinthu zimenezi ambiri sanapangidwe. Tili ndi thanthwe, nsangalabwi, mphero, chiphalaphala, mng'alu, khwawa, koma zircon ndi gneiss tikuzitchulabe m'chilankhulo cha eni makina. Inu a ku Dedza, kumene makolo anajambula pa granite wa ku Chongoni, inu a ku Mulanje, ku Mzimba ndi ku Nsanje, kwanuko miyala yosiyanasiyana mumaitcha mayina anji? Agogo ankasiyanitsa bwanji mwala wa mphero ndi wonolera mpeni, kapena wa mafuwa umene suphulika pamoto? Tiuzeni, tisonkhanitse mayinawo asanapite ndi eni ake.

Tikumanenso sabata yamawa.